Musanasindikize mafunso anu: kusankha njira ya kafukufuku wa kakhalidwe ka anthu

Chaka chilichonse ikafika nyengo yolemba mapulopozo, foni yanga imadzaza ndi funso limodzi lomwelo kuchokera kwa ophunzira a sociology a chaka chomaliza: "Ndipange quantitative kapena qualitative?" Ena amawonjezera kuti akufuna njira yosavuta chifukwa nthawi yatha. Ndayankha funso limeneli kambirimbiri, pakhonde la ofesi, mu minibasi, ngakhale pamaliro, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizingomutumizira.

Funso limenelo mwalifunsa msanga. Njira ya kafukufuku siisankhidwa ngati chitenje pamsika, poona chimene chakukomerani m'maso. Imatuluka m'chimene mukufuna kudziwa. Kuti timvane bwino ndiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: wophunzira amene akufuna kufufuza za amayi a m'magulu a banki m'khonde.

1. Sandutsani mutu kukhala funso

"Amayi ndi banki m'khonde m'boma la Dedza" ndi mutu chabe, ndipo mutu sungakuuzeni chochita mawa m'mawa. M'kati mwa mutu umenewu muli mafunso ambiri osiyana. Ndi amayi angati amene amasiya gulu lisanafike tsiku logawana? Zimayenda bwanji kuchokera tsiku limene mayi walephera kubweza ngongole kufikira tsiku limene anzake abwera kudzanyamula mbale ndi ndowa zake? Kodi kulowa gulu kumachititsa kuti pakhomo pazidyedwa bwino? Awa ndi makafukufuku atatu, ndipo aliyense ali ndi njira yake.

Sankhani limodzi. Ophunzira ambiri amabwera ndi zolinga 6 kapena 7 poganiza kuti supavaiza asangalala, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Muyeso umene ndimapatsa aliyense ndi uwu: nenani funso lanu m'Chichewa, m'chiganizo chimodzi, kwa munthu amene sanapite ku yunivesite. Akakufunsani kuti "ndiye kuti chiyani?", funsolo silinapse.

2. Mvetserani mawu amene ali m'funso lanu

Funso likakhala ndi "angati", "kangati" kapena "ochuluka bwanji", mukufuna chiwerengero. Pamenepo mpamene pamalowa survey, ndiko kuti kufunsa anthu ambiri mafunso ofanana, m'ndondomeko yofanana, mayankho ake n'kuwasandutsa manambala. Iyi ndiye quantitative.

Likakhala ndi "zimayenda bwanji" kapena "anthu amazimva bwanji", mukufuna kumvetsa. Mudzakhala pansi ndi anthu ochepa kwa nthawi yaitali, kuwasiya afotokoze m'mawu awoawo, kapena kukhala nawo pamsonkhano wa gulu n'kumaona amene amasunga kiyi wa bokosi, amene amayankhula, ndi amene amangokhala chete. Iyi ndiye qualitative. Musaipeputse ngati njira ya anthu oopa masamu. Ofufuza za Edzi kuno kwathu anaona kuti zimene munthu amauza mlendo wonyamula mapepala zimasiyana ndi zimene amakamba ndi anzake, ndipo kuyambira 1999 ntchito ya Malawi Journals Project, imene anayambitsa Susan Watkins, inkapempha anthu a m'midzi momwemo kuti azilemba m'makope zimene amva anthu akukambirana za matendawa pamjigo, pamsika, pamaliro ndi pa bawo. Makope amenewo anasonyeza kuti anthu sankakhala chete za Edzi monga ambiri ankaganizira.

Zokambirana za pagulu, zija timati FGD, n'zabwino pofuna kudziwa chimene anthu amati ndicho choyenera m'dera. Pa zinsinsi sizithandiza. Palibe mayi anganene pamaso pa anzake asanu ndi awiri kuti ndalama ya ngongole inatengedwa ndi mwamuna wake.

Funso lovuta koposa ndi la "chimachititsa". Mukafunsa anthu kamodzi kokha n'kupeza kuti amayi a m'banki m'khonde amadya bwino kuposa ena, simunasonyeze kuti gulu ndilo lawadyetsa. Mwina amene anali kale ndi kangachepe ndi amene analoledwa kulowa. Ofufuza amene ali ndi ndalama amathana ndi vuto limeneli m'njira ziwiri. Ena amatsata anthu omwewo kwa zaka, monga kafukufuku amene anayamba mu 1998 ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka, amene pano amadziwika kuti Malawi Longitudinal Study of Families and Health. Ena amachita mayere, monga zinachitikira ku Zomba mu 2008 ndi 2009, pamene madera anagawidwa mwamwayi: kwina atsikana ankalandira ndalama pokhapokha azipita ku sukulu, kwina ankalandira popanda lamulolo, kwina sankalandira, kenako n'kuyerekeza. Inu amene muli ndi miyezi itatu ndi ndalama ya m'thumba simungathe zimenezi, ndipo palibe cholakwa. Sinthani funso kuti ligwirizane ndi chimene mungathe, ndipo mawu akuti impact, onena za kusintha kumene chinthu chabweretsa, muwachotse pa mutu wanu.

Za kuphatikiza quantitative ndi qualitative, zimene ambiri amalemba chifukwa zimamveka zapamwamba: chitani ngati mungathe kunena ntchito ya iliyonse. Mwachitsanzo, kuyamba ndi kucheza ndi amayi khumi kuti mudziwe mawu ndi zifukwa zoti muike mu survey. Popanda chifukwa chotere, mapanga awiri avumbwitsa.

3. Onani kaye ngati wina sanafunse kale

Émile Durkheim, katswiri wa sociology wa ku France, analemba kafukufuku wake wa kudzipha mu 1897 pogwiritsa ntchito ziwerengero zimene maboma a ku Ulaya anali atasonkhanitsa kale. Ifenso tili ndi nkhokwe. National Statistical Office ku Zomba ili ndi kalembera wa 2018, amene anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, komanso Integrated Household Survey ndi Malawi Demographic and Health Survey. Afrobarometer, imene imafunsa maganizo a anthu m'maiko a mu Africa ndipo kuno imagwira ntchito ndi Centre for Social Research, imaika deta yake, ndiko kuti mayankho amene yasonkhanitsa, pa intaneti mwaulere. Ngati funso lanu ndi la "angati" ndipo likukhudza dziko lonse, anthu 80 amene mungawafikire pa kabaza sangapose zimenezi.

4. Sankhani oti muwafunse

Wogula chimanga wochenjera sayang'ana pamwamba pa thumba pokha. Amalowetsa dzanja mpaka m'kati, chifukwa amadziwa kuti chofumbwa chimabisidwa pansi. Sampulo, ndiko kuti anthu amene mwasankha kuti muwafunse m'malo mwa onse, ndi dzanja limenelo, ndipo nkhani yaikulu ndi kumene lafika, osati kukula kwake. Mu 1936 magazini ya ku America yotchedwa Literary Digest inalandira mayankho oposa 2 miliyoni n'kulengeza kuti Alf Landon apambana chisankho cha pulezidenti. Anapambana ndi Franklin Roosevelt, m'zigawo 46 mwa 48. Maina anali atatengedwa kwambiri m'mabuku a anthu okhala ndi telefoni ndi galimoto, pa nthawi imene osauka anali ambiri, ndipo amene anayankha sanali ofanana ndi amene sanayankhe. George Gallup, wofufuza maganizo a anthu, anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza, koma analosera molondola.

Kwathu kuno cholakwa chomwecho chimabwera m'njira zodziwika. Mukapempha amfumu kuti akupezereni anthu, adzakupatsani odziwa kuyankhula ndi amene sangachititse mudzi manyazi. Mukangoyenda m'mbali mwa msewu, a kuseri kwa dambo simudzawamva. Mukafika 9 koloko m'mawa nthawi yopalira, mudzapeza agogo ndi ana. Ndipo wophunzira wathu wa banki m'khonde akangopita pa tsiku la msonkhano wa gulu, adzafunsa amene anatsala, pomwe amene akuwafuna ndi amene anasiya ndipo pamsonkhano safikanso.

Pa survey, lembani makomo onse a m'dera limene mwasankha, apatseni manambala, ndipo chitani mayere. Khomo limene lagwera mayere mukapeza palibe munthu, bwereraniko madzulo kapena mawa, musalowe kwa neba. Nambala ya 385 imene mumaiona m'mabuku ngati chiwerengero chokwanira cha anthu oti muwafunse imagwira ntchito pokhapokha anthuwo asankhidwa mwamwayi chonchi. Afrobarometer kawirikawiri imafunsa anthu 1,200 n'kuyankhula za dziko lonse, chifukwa cha kasankhidwe kameneka. Pa qualitative mumasankha mwadala, kufuna kusiyana: amene anasiya mwamtendere, amene analandidwa katundu, msungichuma, mwamuna wa membala. Mumasiya pamene mwacheza ndi angapo motsatizana osamva chatsopano.

5. Sandutsani mawu a m'buku kukhala funso limene munthu angayankhe

Apa mpamene makafukufuku ambiri amafera, ndipo mabuku ambiri amadumphapo ndi ndime imodzi. Mwalemba mu pulopozo kuti muyeza women's empowerment, household income ndi poverty. Mayi wa ku Mayani simungamufunse mawu amenewa. Pakati pa mawu a m'buku ndi pakamwa pa mayiyo pali ntchito ya masabata, ndipo ambiri amaichita usiku umodzi, kapena amaisiyira wofunsa mafunso kuti azimasulira m'mutu ali pakhomo pa munthu. Mukatero, ofunsa anayi amafunsa mafunso anayi osiyana, inu n'kumaphatikiza mayankho ngati ndi a funso limodzi.

Yambani ndi kudzifunsa kuti chinthucho chikakhalapo, maso angaone chiyani. Mukamasulira empowerment kuti "kupatsidwa mphamvu" n'kufunsa kuti "kodi mwapatsidwa mphamvu?", aliyense ayankha eya, chifukwa mawuwo anawamva pamisonkhano ya mabungwe ndipo akudziwa yankho limene mlendo amafuna. Funsani za chinthu chimene chinachitika. Ngongole yomaliza imene munatenga, anaganiza zoti mutenge ndani? Ndalamayo itafika pakhomo inasungidwa ndi ndani? Mbuzi yomaliza kugulitsidwa pano, anapangana mtengo ndani? Mwana atadwala komaliza, munadikira wina kuti mupite naye kuchipatala? Mafunso otere ali ndi tsiku ndi munthu, ndipo woyankha amakumbukira m'malo mokusangalatsani.

Kenako mawu akuti household. Kodi ndi banja, nyumba kapena khomo? Mukati banja, wina awerenga ana amene ali ku Johannesburg. Mukati nyumba, anyamata ogona m'gowelo atsala. Ndiye makafukufuku ambiri amatsata mphika: amene amakhala pamodzi n'kumadyera mumphika umodzi. Koma mukhale mutaganiziratu za bambo wamitala amene amadya mbali ziwiri, za agogo amene ali ndi nyumba yawo koma nsima imachokera kwa mwana wawo, za mwana wa ku sukulu yogonera konko. Funso lakuti "mutu wa banja ndani?" nalonso silimveka chimodzimodzi kulikonse. Kumadera a chikamwini mwamuna angatchulidwe kuti ndiye mutu, pomwe munda ndi wa mkazi ndipo nkhani zikuluzikulu za ana zimadutsa kwa malume, mwini mbumba. Ku Mzimba, kumene kuli malowolo, n'zosiyana. Lembani lamulo limodzi ndipo ofunsa onse alitsate.

Funso lakuti "mumapeza ndalama zingati pamwezi?" ndi la munthu wolandira malipiro. Mlimi amene amagulitsa soya kamodzi pachaka, n'kumagwira ganyu wolipidwa ndi ufa mu Januwale, alibe nambala yotere, ndipo akakupatsani ndiye kuti wangoipeka kuti mupitirire. N'chifukwa chake makafukufuku akuluakulu amafunsa zimene pakhomo padyedwa masiku 7 apitawa, denga ngati ndi la udzu kapena malata, ngati pali njinga, wailesi, ziweto, ndi mwezi umene chimanga cha m'nkhokwe chinatha. Samalani ndi kutalika kwa nthawi imene mukufunsa. Za chakudya munthu amakumbukira sabata. Za maliro kapena kugulitsa ng'ombe amakumbukira chaka. Pa zaka zobadwa za achikulire, khalani ndi mndandanda wa zochitika zimene dera limadziwa: njala ya 1949, ufulu wa 1964, riferendamu ya 1993, njala ya 2002.

Mayankho aja a magawo asanu, kuyambira "ndikugwirizana nazo kwambiri" mpaka "sindikugwirizana nazo ngakhale pang'ono", amaoneka bwino pa kompyuta koma m'khutu amasokoneza, ndipo mwaulemu wathu munthu safuna kutsutsa mlendo pakhomo pake. Dulani pawiri: funsani kaye ngati akugwirizana nazo kapena ayi, kenako mufunse kuti kwambiri kapena pang'ono. Kapena mupatseni chogwira m'manja. Mu 2006 ofufuza a ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka aja ankafuna kudziwa mmene munthu amaonera mwayi woti chinthu chichitika. M'malo mofunsa za maperesenti anapatsa woyankha nyemba 10 kuti aike m'mbale molingana ndi mmene akuonera, n'kuyamba ndi zophweka monga kupita kumsika m'masiku awiri akubwerawa, asanafike pa mafunso a matenda ndi imfa. Chitsanzo chimenechi ndimachikonda chifukwa lingaliro lake ndi la masamu ovuta, koma chipangizo chake chili m'khitchini ya aliyense.

Mukamaliza kulemba m'Chichewa, patsani munthu wina amene sanaone Chingelezi chija kuti abweze mafunsowo m'Chingelezi, ndipo yerekezani. Pamene pasiyana mpamene pali vuto. Mawu ngati "chibwenzi", "mnzanu", "kugona", "nkhanza" ndi "kudandaula" ali ndi matanthauzo angapo, ndipo muyenera kusankha limene mukufuna. Musaganizenso kuti Chichewa chikwanira kulikonse. Mayi wa ku Mangochi angamve Chichewa bwinobwino, koma za m'nyumba mwake adzazifotokoza momasuka m'Chiyao, ndipo ku Nsanje kapena ku Rumphi n'chimodzimodzi ndi Chisena ndi Chitumbuka.

Chomaliza pa sitepe imeneyi, yesani mafunsowo pa anthu 10 kapena 15 ofanana ndi amene mukawafunse, m'mudzi wina umene suli mu sampulo yanu. Anzanu a mu hostelo sakuwerengedwa. Pitani nokha, chifukwa kandimverere anakanena za m'maluwa. Munthu akayankha, mufunseni kuti "funsoli mwalimva kuti ndikufunsa chiyani?" Ndinaonapo funso lakuti "kodi mumasunga ndalama?" likuyankhidwa ayi ndi amayi amene sabata iliyonse amaponya masheya ku gulu, chifukwa kwa iwo kusunga ndi kubisa m'nyumba kapena kuika ku banki ya m'tauni, pomwe ku gulu amati akuponya. Liwu limodzi lokhalo likanatembenuza zotsatira zonse.

6. Pemphani chilolezo, ndipo mupemphe kwa onse

Kafukufuku wokhudza anthu amayenera kudutsa ku komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa. Mayunivesite athu ali ndi makomiti awo, ndipo National Commission for Science and Technology ili ndi komiti yoona za makafukufuku a kakhalidwe ka anthu. Yambani msanga, zimatenga nthawi. Mukatero pitani ndi kalata ku ofesi ya DC, kenako kwa T/A, kwa gulupu, mpaka kwa nyakwawa. Musadumphe. Amene amakumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, pamene anthu anaphedwa pongowaganizira, akudziwa kuopsa kwa kuyendayenda m'mudzi ndi chikwama popanda wokudziwani.

Koma kuvomera kwa amfumu si kuvomera kwa mayi amene mwamukhalira pamkeka. Muuzeni kuti ndinu ndani, mayankho apita kuti, dzina lake silituluka, ndipo angathe kukana kapena kusiyira panjira. Wosakwana zaka 18 pamafunika chilolezo cha kholo komanso chake. Nenani momveka kuti simukulemba maina a makuponi kapena a Mtukula Pakhomo. M'midzi yathu kulemba maina kumatanthauza thandizo, ndipo munthu akaganiza choncho amabisa mbuzi zake n'kukulitsa umphawi wake, zomwe n'zomveka. Ngati mwakonza kamphatso kothokoza nthawi yake, monga sopo amene makafukufuku ambiri amapereka, kakhale kofanana kwa aliyense ndipo kalembedwe mu pulopozo. Pa nkhani za ngongole ndi za m'banja, chezani pamalo pamene mwamuna kapena apongozi sakumva.

7. Yang'anani kalendala, thumba ndi mapeto

Funso la chakudya lofunsidwa mu Febuluwale ndi lomwelo lofunsidwa mu Juni limapereka midzi iwiri yosiyana, choncho lembani mwezi umene munafunsa. Nthawi ya dzinja milatho ina siidutsika. Magulu ambiri a banki m'khonde amagawana chakumapeto kwa chaka, ndipo mikangano imene wophunzira wathu akuifuna imaonekera nthawi imeneyo.

Ngati mwalemba ena kuti akuthandizeni kufunsa, dziwani za chimene ogwira ntchitoyi amati kuphika deta: kukhala pansi pa mtengo n'kudzaza mapepala popanda kufunsa munthu. Kawirikawiri zimachitika mukawapatsa makomo ambiri patsiku, mtunda wautali ndi malipiro ochedwa. Apatseni ntchito yotheka, werengani mapepala madzulo a tsiku lomwelo, ndipo bwererani nokha pa makomo angapo kukafunsanso mafunso awiri atatu. KoboToolbox, pulogalamu yodzazira mayankho pa foni, imalemba nthawi imene kucheza kwayamba ndi kutha, ndipo kucheza kwa mafunso 60 kumene kwatha m'mphindi 5 kukuuzani kanthu. Pa qualitative, ola limodzi lojambula mawu limadya maola angapo polilemba, ndipo kulimasulira n'kwapadera. Werengerani zimenezi musanalonjeze kucheza ndi anthu 40.

Musananyamuke, tengani pepala mujambule matebulo opanda manambala, aja mukufuna kudzaika m'chaputala cha zotsatira: mizere yake ikhale chiyani, magawo ake akhale chiyani. Kenako tengani mafunso anu limodzilimodzi, kuona tebulo limene lililonse likudyetsa. Funso limene lilibe tebulo lichotseni, ngakhale likukomereni, chifukwa likudya nthawi ya mayi amene wasiya mphika pamoto kuti akuyankheni. Tebulo limene lilibe funso lolidyetsa, bwererani ku sitepe 5 mukalembe funsolo musanapite kosindikiza.